Kusankha matayala a njinga yamagetsi: osabooka wamba, osaterereka pa mvula

Njinga yamagetsi imadya matayala msanga kuposa yakapalasa wamba. Zambiri zimalemera makilogalamu 20 mpaka 30 munthu asanakwerepo n'komwe, ndipo kulemerako kumatsamira kumbuyo: mota ili pakati pa wilo lakumbuyo, batire nthawi zina lili pa keliyala, ndiye kubwerepo inuyo ndi katundu wanu. Liwiro nalonso ndi lina. Pamene wopalasa ndi miyendo wazilala pa chitunda, inu mukudutsa pa makilomita 25 pa ola, moti chidutswa cha botolo chomwe mnzanuyo angachione n'kuchizemba, inu mumachiponda musanachione.

Tsono tayala likaphwa kumbuyo, si ntchito yongogwada pansi pa mtengo kanthawi kochepa ayi. Pafunika kuzula waya wa mota, kumasula manati akuluakulu, kusamala mawashala kuti asasokonekere, n'kulimbana ndi wilo lolemera. Amakaniko a m'mbali mwa msewu, omwe chubu cha njinga ya kabaza amachimata atatsinzina, akaona waya akutuluka pakati pa wilo amayamba akanda kaye m'mutu. Chovuta n'chakuti zinthu ziwiri zomwe tikufuna pa tayala zimakokanakokana. Labala wolimba amakhalitsa, koma pa msewu wonyowa amaterereka. Wofewa amagwira msewu, koma sachedwa kutha. Nzeru yake yagona pa kudziwa kuti chiti chiikidwe pati.

Yambani ndi manambala a m'mbali mwa tayala lakale

Musapite kusitolo ndi mawu oti "ndikufuna la 28" kapena "la 26". Pukutani matope m'mbali mwa tayala lomwe muli nalo, mupezapo manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 50-622 kapena 47-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pomwe milomo ya tayala imakhazikika, ndipo imeneyi ilibe zokambirana: ikasiyana ngakhale pang'ono, tayala silikhala.

Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Matayala a 622 amatchedwa a mainchesi 28, ena amati 700C, onenepa ake amati 29. Koma njinga zija za mtundu wa Humber ndi Phoenix, zomwe matayala ake ali mbwee m'misika yathu, nazonso amati za 28, chikhalirecho limu yake ndi 635. Mamilimita 13 amenewa ndi okwanira kuti tayala lizingokhwepa pa limu ya njinga yanu. Chimodzimodzinso 26: ilipo ya 559, ilipo ya 590. Ya 27.5 ndi 584. Njinga zopinda ndi zija za matayala onenepa kwambiri, za 20 x 4.0, zambiri ndi 406. Jambulani manambalawo pafoni, ndipo wogulitsa akati "likwana basi, bwana", muonetseni chithunzicho muyerekeze limodzi.

Nambala yoyamba ija ndiyo mungaisinthe, ndipo ngati mpata ulipo, tengani lonenepa, la mamilimita 47 mpaka 55. Tayala lonenepa limanyamula katundu yemweyo ndi mpweya wocheperapo, limameza maenje, ndiponso limaponda pansi ndi malo okulirapo. Dandaulo la opalasa ndi miyendo, loti n'lolemera, kwa inu mota yalithetsa kale. Yezani mpata pa foloko, pakati pa zitsulo zakumbuyo ndi kunsi kwa madigadi. Siyani mamilimita osachepera 6 mbali iliyonse, ndipo ngati njira yanu ndi ya katondo, siyani oposa pamenepo, chifukwa matope akamatirira wilo limakaniratu kuzungulira.

Kenako funsani chubu chakale

Musanagule tayala lodula, dziwani chomwe chikukuphwetserani. Popani chubu chobookacho, muchiviike m'beseni la madzi, muone pomwe pakutuluka thovu. Bowo limodzi kunja, mbali yoyang'ana pansi, ndiye kuti ndi munga, galasi, msomali kapena timawaya tija timathothoka ku matayala akutha a malole. Limenelo ndi vuto lomwe tayala labwino lingathetse. Koma mukapeza timabowo tiwiri toyandikana cham'mbali, chubu chinapanidwa pakati pa limu ndi mwala kapena mlomo wa dzenje, ndipo wolakwa ndi mpweya wochepa. Bowo likakhala mkati, moyang'ana ku limu, kansalu kophimba mitu ya masipoko kasuntha kapena kang'ambika. Likakhala m'tsinde mwa vavu, tayala lakhala likutsetsereka pa limu n'kumakoka chubu, zomwe zimachitikanso mpweya ukachepa, makamaka ku wilo la mota. Pa mavuto anayiwa, atatu safuna tayala latsopano. Amafuna pampu ndi kansalu ka limu.

Chotchinga cha mkati

Kunsi kwa labala wopondera pansi, opanga matayala amaikako chotchinga, ndipo chilipo cha mitundu iwiri. Woyamba ndi labala wapadera wochindikala. Schwalbe Marathon Plus ili ndi wabuluu wa mamilimita 5, Marathon wamba ili ndi wobiriwira wa mamilimita 3, ndipo Continental Contact Plus imayendera nzeru yofanana. Mfundo yake njosavuta: munga waufupi umathera m'labala usanafike pa chubu. Wachiwiri ndi lamba wa ulusi wolimba, monga Kevlar kapena Vectran, wolukidwa mothinana. Ameneyu ndi wopepuka, amakana galasi ndi timiyala takuthwa, koma munga wosongoka bwino umatha kudzipezera njira pakati pa ulusi.

Woyenda m'tauni, komwe mdani ndi mabotolo osweka a m'mbali mwa msewu, mitundu yonse iwiri imuthandiza. Woyenda m'tinjira todutsa m'minda ndi m'malunje atenge la labala wochindikala. Lili ndi zilema zake, osabisa: limodzi limalemera pafupifupi kilogalamu, poika pa limu limatopetsa zala, ndipo pa msewu wa miyala limagwedeza. Pa njinga yakapalasa ndikanazengereza kulilangiza. Pa yamagetsi, makamaka kumbuyo, ndi lomwelo.

Onaninso m'mbali. Chotchinga chimaphimba popondera pokha, koma mwala wakuthwa ndi mlomo wa phula wogumuka zimacheka cham'mbali. Pinyizani mbali ya tayala ndi zala. Ikakhala yopyapyala moti ulusi ukumveka, lisiyeni. Limenelo ndi la othamanga pa mipikisano.

Matayala ndatchulawa sapezeka wamba m'masitolo a kumudzi kuno, ambiri amachita kuitanitsa ku South Africa kapena kutumiza kwa abale. A Kenda, CST ndi Maxxis ndi otsikirapo mtengo, ndipo ena mwa iwo ali nacho chotchinga. A Kenda amalemba kuti K-Shield. Mukapeza tayala wamba lokha, pali zowonjezera. Chubu chochindikala chimathandizako. Mankhwala amadzimadzi othira m'chubu, monga Slime, amatseka okha timabowo ta minga mpaka pafupifupi mamilimita 3, ndipo amalimbananso ndi munga wautali wa mthethe, womwe umapyola ngakhale labala wa mamilimita 5. Kuipa kwake, amatseka vavu nthawi zina, ndipo chigamba chimavuta kumata pa chubu chomwe chili ndi mankhwalawa ngati simunapukute bwinobwino. Palinso siponji yolimba ya Tannus Armour yomwe imakhala pakati pa tayala ndi chubu. Imafuna chubu chocheperapo, ndipo pakapita nthawi imaphwatalala.

Nanga nzeru yathu ija yodula tayala lakale n'kulilowetsa m'kati mwa latsopano? Pa njinga yoyenda pang'onopang'ono imagwira ntchito. Pa yamagetsi, m'mphepete modulidwamo mumakhula chubu ulendo wonse, kutentha n'kuwonjezera, mapeto ake chimabooka ndi chomwe chimati chichiteteze. Bola kung'amba chubu chakale n'kukutira chatsopano, chifukwa n'chofewa. Matayala opanda chubu, omwe okwera njinga za m'mapiri ku South Africa amawadalira chifukwa cha minga, ndi abwino zedi, koma amafuna limu yake yake, ndipo mankhwala ake amauma pakangopita miyezi yochepa, kotentha kuno msanga kuposa apo. Aja opanda mpweya n'komwe, a labala yekhayekha, sindiwalangiza. Sabooka inde, koma pa mvula sagwira, ndipo kugunda kulikonse kumathera m'masipoko ndi m'mota.

Za mvula, pomwe maso amanamiza

Munthu akaona tayala la mano akuluakulu amati ili ndiye la dzinja. Pa phula si choncho. Tayala la galimoto limafuna ngalande zakuya chifukwa ndi lotambalala, lophwatalala, ndipo pa liwiro madzi amasowa kothawira mpaka galimoto kuyandama. La njinga ndi laling'ono, lobulungira, lopopedwa kwambiri, moti limakankhira madzi kumbali lokha, ndipo liwiro la njinga yamagetsi silifika poliyandamitsa. Chomwe chimakusungani chilili pa phula wonyowa ndi labala yemwe wakhudza msewu. Mano akuluakulu amachepetsa labala wokhudzayo, ndipo mukapendeka pa kona amapindika, njinga n'kuyamba kuyenda cham'mbali.

Choncho wa pa phula afune tayala losalala pakati, la timizere ting'onoting'ono, koma la labala wabwino. Opanga amasakaniza silika, ufa wa mtundu wa mchenga, m'labala kuti azigwira ponyowa popanda kutha msanga, ndipo aliyense ali ndi dzina lake: Schwalbe amati Addix, Continental amati BlackChili kapena PureGrip. Ena amaika labala wolimba pakati ndi wofewa m'mapewa, kuti poyenda chowongoka lizikhalitsa koma pa kona lizigwira. Ngati palibe cholembedwa, kanikizani chikhadabo cham'mbali mwa popondera. Labala wabwino amalowa pang'ono n'kubwerera mwaulesi, ndipo mukakhula chala amachita ngati akugwira. Wonyezimira, wouma gwa, womveka ngati pulasitiki, ameneyo adzakugwetsani tsiku loyamba la mvula. Matayala ambiri omwe amabwera ndi njinga zotchipa ndi a mtundu umenewu.

Pa msewu wafumbi nkhani imatembenuka. Matope alibe pogwira pamwamba, tayala liyenera kukumba mpaka lipeze polimba, ndiye mano amafunika. Akhale otalikirana kuti matope azithothoka wilo likamazungulira. Othinana amadzaza katondo pakangopita mamita ochepa, tayala n'kusanduka losalala. M'makande onyowa palibe tayala lomwe limalamulira, tsikani mukankhe.

Ambirife njira zathu ndi zosakaniza: fumbi kuchoka kunyumba, phula mpaka kuntchito. Pamenepo tengani la mzere wosaduka pakati ndi mano m'mbali, monga Marathon Plus Tour, kapena lililonse lopangidwa motero. Koma werengani njira yanu moona mtima. Ngati pa makilomita 10 a ulendo wanu fumbi ndi theka la kilomita, musagule tayala la m'mapiri chifukwa cha kachigawo kameneko.

Ndiye pali malo omwe tayala lililonse limagonja. Penti yoyera ya pamsewu ikanyowa imaterera ngati therere. Zivundikiro zachitsulo, njanji, dizilo wotayika pa madepoti ndi pa maraundabauti, mchenga wokokoloka womwe umatsala pa phula mvula ikakata, zonsezi muzidutse njinga itawongoka, osagwira buleki, osapendeka. Mvula yoyamba ya chizimalupsa ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imadzutsa mafuta ndi fumbi zomwe zaunjikana miyezi yonse yachilimwe. Abale omwe akuperekera zakudya pa njinga ku Britain awonjezerepo masamba ovunda a mu Okutobala ndi Novembala. A ku Cape Town mvula yawo imabwera m'miyezi yozizira, pomwe labala naye amaumirapo. Chepetsani mphamvu ya mota kukanyowa. Mota zambiri za m'wilo zimadzambatuka mwadzidzidzi mukangozungulitsa mapedulo, ndipo zikatero muli pakati pa kona, wilo lakumbuyo limathawa. Dziwaninso kuti dzinja ndi nyengo ya kubooka: madzi amamatiriza tizidutswa ta galasi pa tayala, ndipo labala wonyowa amachekeka mosavuta.

Kutsogolo ndi kumbuyo sikufuna zofanana

Palibe lamulo loti matayala awiri akhale mapasa. Lakumbuyo limanyamula katundu wochuluka, limatha msanga, limabooka kawirikawiri, ndipo ndi lovuta kuchotsa. Limenelo likhale la chotchinga chochindikala. Lakutsogolo ndi lowongolera ndi kuimitsa. Lakumbuyo likatsetsereka munthu amatha kudziwombola, koma lakutsogolo likathawa muli pansi musanadziwe chomwe chachitika. Limenelo likhale la labala wofewa, wogwira. Likabooka si nkhani, kulichotsa n'kosavuta.

Ndalama zikakwana tayala limodzi, yang'anani lakutsogolo. Ngati likadali labwino ndipo ndi la mtundu wolimba, lipititseni kumbuyo, latsopano likhale kutsogolo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kutenga lakumbuyo lakutha n'kukaliika kutsogolo poti kumeneko kulibe katundu.

Zilembo za E-25, E-50 ndi katundu

Ku Ulaya ndi ku Britain njinga yamagetsi wamba ndi ya mota ya mawati 250 yomwe imasiya kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Chizindikiro cha E-25 chimangotanthauza kuti wopanga akuti tayalalo n'loyenera njinga zotere. Si lamulo, ndipo tayala lolimba lopanda chizindikirochi lingagwire ntchito. E-50 ndi nkhani ina: limenelo linayesedwa pa muyezo wa ECE-R75, wa njinga zofika makilomita 45 pa ola. Ngati njinga yanu imapitirira 25, ndipo zambiri zoitanitsa ndi zochita kuikidwa mota zimapitirira, funani la E-50, monga Marathon E-Plus. Onyamula katundu wolemera ayang'anenso makilogalamu omwe tayala limaloledwa kusenza, omwe amalembedwa m'mbali kapena pa chikalata chake. Muphatikize njinga, inuyo ndi katundu, ndipo mukumbukire kuti choposa theka chili pa lakumbuyo. Schwalbe Pick-Up linapangidwira ntchito imeneyi.

Mpweya

Tayala lodula lopopedwa molakwika limagonja kwa lotchipa lopopedwa bwino. M'mbali mwa tayala mwalembedwa malire, mwachitsanzo 3.0 mpaka 5.0 bar. Bar ndi psi ndi miyezo ya mpweya, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi. Khalani m'kati mwa malirewo. Poyambira, munthu wa makilogalamu 70 mpaka 80 pa tayala la mamilimita 50 ayese 3 bar kutsogolo ndi 3.5 kumbuyo, awonjezere kumbuyo akanyamula katundu. Matayala onenepa kwambiri aja amafuna wochepa zedi, tsatirani zomwe zalembedwa. Kukagwa mvula phwetsaniko pang'ono, ngati 0.3 bar, kuti labala wochuluka akhudze pansi, koma osatsika kupitirira malire apansi. Kupopa mpaka tayala liume gwa, monga timachitira ndi njinga yonyamula makala, kumalidumphitsa pa timiyala, ndipo tayala lomwe lili m'malere silikugwira kanthu.

Gulani pampu ya geji, yoonetsa kuchuluka kwa mpweya. Chala chimanama, makamaka pa tayala la chotchinga chochindikala, lomwe limamveka lolimba ngakhale mpweya utatsala theka. Chubu chimataya mpweya pachokha ngakhale chilibe bowo, ndiye yezani sabata iliyonse. Ngati bowo la limu likulola, sankhani chubu cha vavu yonenepa ngati ya galimoto, ya Schrader: mungapope pomwetsera mafuta paliponse, ndipo mankhwala aja amalowamo mosavuta. Yopyapyala ya Presta imakhala pa bowo laling'ono, ndipo ya Schrader singalowepo.

Pogula ndi poika

Tayala lomwe lakhala likupachikidwa padzuwa pa benchi limakalamba lisanaponde pansi. Lipindeni pang'ono m'mbali. Mukaona timing'alu, libwezeni. Dzina lotchuka pa mtengo wodabwitsa kutsika likukayikitseni, ndipo yang'anani ngati zilembo zili zooneka bwino ndi ngati milomo ya tayala ili yowongoka. La mzere wonyezimira m'mbali ndi bwino kulisankha, chifukwa madzulo a mvula oyendetsa galimoto saona bwino.

Poika, chotsani kaye batire. Jambulani momwe mawashala akhalira mbali zonse ziwiri musanamasule manati, omwe ambiri amafuna sipanala ya 18 kapena 19. Ena mwa mawashalawo ali ndi kamlomo koletsa chitsulo cha pakati pa mota kuzungulira, ndipo akabwerera molakwika waya amapotoka n'kuduka. Zulani pulagi ya mota moikoka chowongoka, osaipotoza. Yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala ndi pa limu, muone kansalu ka masipoko, mutsate muvi wosonyeza komwe tayala lizizungulira. Tayala lolimba likamakana kulowa chakumapeto, musalimbane nalo ndi sikuludilaiva kapena mchira wa supuni, mungatsine chubu chatsopano. Kanikizirani milomo yake m'ngalande ya pakati pa limu kuzungulira wilo lonse, mupeza kuti mpata wapezeka. Madzi a sopo amathandizanso. Popani pang'ono, muone ngati kamzere ka m'mbali kakuoneka mofanana mozungulira, kenako mumalize. Pobwezera pulagi, mivi yake iwiri iyang'anane, ndipo muikankhe mpaka pa mzere.

Tayala latsopano limabwera ndi kamafuta ka kufakitale komwe kamaterera, choncho maulendo oyamba musapendeke kwambiri, makamaka ngati kwanyowa. Pakatha masiku angapo onaninso manati a mota ngati akadali othina. Kuyambira pamenepo, kamodzi pa sabata zungulitsani wilo pang'onopang'ono n'kumatokosola ndi nsonga ya msomali tizidutswa ta galasi tomwe talowa m'labala, chifukwa timayenda pang'onopang'ono kulowera ku chubu. Pakati pa tayala pakaphwatalala, kapena mukayamba kuona buluu kapena chobiriwira chija chikusuzumira, lisintheni mvula isanayambe.